Mchere, khosi ndi mimba zopita padera ku Tamanda

Kwathu ku Tamanda, chakumalire ndi Malawi, mchere unali chinthu choopedwa. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana kamwana kuti kathire, kuopa kudula a pabanjapo. Mimba ikapita padera, anamkungwi ankafunsa ngati mwamuna wayenda kunja, kapena ngati mkaziyo wataya mwambo. Mdulo unkayankha zonse. Banja likatha zaka lopanda mwana, dzina loti chumba linkagwera mkazi, chikhalirecho akuluakulu omwewo ankadziwa kulowetsa fisi usiku vuto likakhala la mwamuna.

Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Magwero mu 1899 n'kudzakhazikikanso ku Tamanda, analimbana ndi chinamwali n'kubweretsa chilangizo. Koma kukhitchini sanafikeko. Agogo anga, amayi a chigwirizano enieni, anasunga mwambo wa mchere mpaka kumwalira.

Chimene sichinkalowa m'milandu imeneyi ndi khosi. Mayi wotupa chithokomiro ankangomuona ngati ndi chibadwa chake. Chonsecho kanyama ka pakhosika kamafuna ayodini kuti kagwire ntchito, ndipo akasowa, mimba imatha kuchoka, mwana kubadwa wakufa kapena wofooka ubongo. Boma la Zambia linalamula mu 1978 kuti mchere uzikhala ndi ayodini, n'kudzalimbitsa lamulolo mu 1994. Ine ndimati agogo sanalakwe kukayikira mchere, kungoti mlandu unali pa chimene chinkasowamo, osati pa dzanja lothira.

Komabe chithokomiro china sichimva mchere wa m'sitolo. Mu 1912 dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anafotokoza nthenda imene lero tikudziwa kuti imabwera asilikali a m'thupi akatembenukira chithokomiro cha mwini wake. Khosi limatha kuoneka bwinobwino, koma amayi okhala ndi asilikali oterewa amapita padera kawirikawiri kuposa anzawo, ngakhale amene atenga pakati kudzera mu IVF, njira yokumaniza dzira ndi umuna kunja kwa thupi.

Madokotala nawonso anathamangira yankho lapafupi, monga anamkungwi athu. Anaganiza kuti mapiritsi a levothyroxine, amene amathandizadi mayi yemwe chithokomiro chake chafooka, atetezanso mimba za amayi okhala ndi asilikali aja amene chithokomiro chawo chikugwirabe ntchito. Ku Beijing anayesa pa amayi 600 a IVF, ndipo zotsatira za 2017 zinaonetsa kuti kupita padera sikunachepe. Ku Britain anayesanso pa amayi 952 amene anapitapo padera kapena ankavutika kutenga pakati. Mu 2019 kunapezeka kuti pa amayi 100 alionse, pafupifupi 37 anabereka mwana wamoyo atamwa mankhwalawo, ndipo pafupifupi 38 anabereka atamwa mapiritsi opanda kanthu.