Amuna atatu a sitima ya ku Salima

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi. Kuyambira pamenepo katundu wa ku doko la Beira ankafika kunyanja pa njanji yokhayokha. Ngakhale Ilala, imene inamangidwa ku Scotland, inabwera ili zidutswazidutswa m'mabogi mpaka ku Chipoka. Ilala timaitchula kawirikawiri, koma amuna amene anaibweretsa tinawaiwala.

Sitima ya nthunzi inkayenda m'manja mwa anthu atatu: dalaivala, wosonkhezera moto ndi gadi. Ulemu unkapita kwa dalaivala. Popeza njanji inali imodzi, iye sankaloledwa kuchoka pa siteshoni asanalandire chilolezo chotsimikiza kuti kutsogolo kulibe sitima ina. Ankayenera kudziwa chitunda chilichonse pamtima, ndipo mawilo akayamba kuterereka nthawi ya mvula ankathira mchenga pa njanji.

Komabe, m'kuona kwanga, mtolo wolemera unali wa wosonkhezera moto. Ntchito yake sinali yongoponya malasha ndi fosholo. Ankawamwaza mofanana kuti moto usafe mbali imodzi, maso ali pa kagalasi kosonyeza madzi a m'boila. Madzi akachepa mpaka denga la ng'anjo kukhala pamtunda, chitsulo chimafewa ndipo boila ikhoza kuphulika. Akachuluka, amalowa m'masilinda n'kuwononga injini. Pa chitunda madziwo amapendekera mbali imodzi, choncho kagalasi kamanamiza munthu wosazolowera. Taganizirani kuchita zimenezi mu Okutobala, m'chigwa cha Shire, pokwera kuchoka ku Chiromo kupita ku Limbe.

Gadi ankakhala m'bogi ya kumapeto ndi mbendera ziwiri, yobiriwira ndi yofiira, komanso nyali ya usiku. Ndiye ankalola sitima kunyamuka, ndiponso kusunga mapepala a katundu. Sitima ikafera m'tchire, malamulo ankamutuma kuyenda wapansi kubwerera m'mbuyo kukaika chenjezo pa njanji, kaya ndi usiku, kaya kukugwa mvula.

M'nthawi ya atsamunda, maudindo apamwamba a njanji ankapita kwa Azungu ndi Amwenye, pamene anthu akuda ankatsalira pa ntchito za thukuta ndi malipiro ochepa. Injini za dizilo zitalowa m'zaka za m'ma 1960, ntchito ya wosonkhezera moto inayamba kutha, ndipo mathanki a madzi m'masiteshoni anasanduka osafunika.