Za Aphunzitsi Anzathu a Tsidya la Malire

Ife aphunzitsi a pano pa Kaliyeka, tikasonkhana m'bungwe lathu la TUM, nkhani zathu nzodziwika kale: malipiro ocepa, ndi ana ocuruka m'cipinda cimodzi. Zimenezi nzoona ndithu. Koma anyamata a m'bungweli adziwe kuti inalipo nthawi imene mphunzitsi wa dziko lino, ndi umphawi wace womwewu, anaoneka wolemera pamaso pa mnzace wa ku Mozambique.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba m'caka ca 1977, koma m'caka ca 1986 ndimo anthu anayamba kulowa kuno unyinji, kufikira anapitirira 1,000,000. Ku Nsanje alendo anaposa eni mudzi kucuruka. Ankhondo a Renamo anayesa sukulu nyumba ya boma, naitentha. Mphunzitsinso anamuyesa maso a boma, cotero iye anali mwa oyamba kusakidwa.

Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene mseu waukuru ndiwo malire, othawa ambiri sanakhala m'misasa ai. Anangolowa m'midzi ya abale ao, pakuti a ku Angonia ndiwo Acewa ndi Angoni monga ife. Ngakhale zina za sukulu zao zakale zinacokera kuno: a misyoni ya Dutch Reformed anatsegula Mphatso m'caka ca 1909, Apwitikizi naitseka m'caka ca 1922.

Cobvuta cinali cinenero. Mwana wa othawa kunyumba analankhula monga athuwa, koma m'sukulu ya kwao anaphunzira m'Cipwitikizi, pamene ife tiphunzitsa Cingerezi. Ena analowa m'sukulu zathu za m'malire, nakhala pansi pamodzi ndi ana athu. Koma mwana wotere pobwerera akadakhala mlendo m'dziko lace lomwe. Cifukwa cace sukulu za othawa, zothandizidwa ndi UNHCR, zinatsata maphunziro a ku Mozambique, ndipo ophunzitsamo ambiri anali othawa omwewo. Ife tiyesa kuti cimeneci cinaposa ufa ndi mabulangete, pakuti munthu amene anabisa nchito yace kuti apulumuke anagwiranso coko poyera, ana namucha mphunzitsi.

Pangano la mtendere linalembedwa ku Rome pa 4 October 1992. Pofika 1995 ambiri anali atabwerera, aphunzitsi ndi ana ao, nakapeza sukulu zopanda denga, ndi njira zopitako zokwiriridwa mabomba.