Makalata Amene Anamira M'nyanja

Ena a inu munalowapo mu Livingstone Museum, pa mseu wa Mosi-oa-Tunya, ndipo munaona makalata amene David Livingstone analemba ndi dzanja lake. Nyumba yosungiramo zakale imeneyi inakhazikitsidwa mu 1934, ndipo inasamukira pamene ili lero mu 1951. Koma kodi mukudziwa kuti zolemba zina za munthu ameneyu zinamira m'nyanja?

Mu 1854 Livingstone anafika ku Luanda, m'dziko la Angola, atayenda miyezi yambiri kucokera ku Linyanti kwa Amakololo. Kumeneko anatumiza ku England makalata ndi mapu a ulendo wake pa sitima ya pamadzi yochedwa Forerunner. Sitimayo inamira pafupi ndi cisumbu ca Madeira pamodzi ndi mapepala onsewo. Uthenga woipawu unampeza ali pa ulendo wobwerera, pa malo ochedwa Pungo Andongo. Iye anakhala pomwepo kufikira kutha kwa caka, akulembanso zimene zinatayika. Cinamthandiza ndi cakuti mabuku amene ankalembamo pa ulendo anali nawobe. Atatsiriza ananyamuka, ndipo mu November 1855 anafika pa mathithi athu a Mosi-oa-Tunya.

Taganizirani tsopano za Old Drift, mudzi woyamba wa azungu pa doko la Zambezi kumtunda kwa mathithi. Malungo anapha anthu ambiri kumeneko. Mlatho utatha mu 1905, otsala anasamukira pa mtunda pamene pali tauni ya Livingstone lero. Ku Old Drift kunatsala manda okha. Maonekedwe a mudziwo timawadziwa cifukwa ca zithunzi ndi zolemba zimene anthu ena anasunga.

Nanga mbiri ya banja lanu isungidwa kuti? Zithunzi za ukwati wa makolo, za ubatizo wa mng'ono wanu ndi mavidiyo a agogo akusimba nthano, kawirikawiri zonsezi ziri m'foni imodzi. Foniyo ikabedwa kapena kugwera m'madzi, ndiye kuti Forerunner yamiranso. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Mabanja ena amagula kabokosi kochedwa NAS, kokhala ndi ma hard disk awiri, n'kukalumikiza ku rauta ya panyumba. Aliyense amatumizamo zithunzi kucokera m'foni yake, ndipo disiki imodzi ikafa, inzake imakhala nazobe. Komabe moto, mphezi kapena mbala zingathe kutenga kabokosi konseko. Cotero koperani zithunzizo pa disiki ina ndi kukaisungitsa kwa wacibale wokhala kwina. Amene alibe ndalama za NAS ayambe ndi memory card kapena flash ziwiri.

Musaiwale kulemba maina, malo ndi caka pa cithunzi ciriconse. Funsani agogo akali moyo, pakuti iwo akapita, nkhope zina za m'zithunzimo sipadzakhalanso wozichula maina.