Kuchoka pa ng'anjo kufika pa msika wa Ndirande

Makasu ankasulidwa m'dziko muno Azungu asanafike. David Livingstone podutsa kumapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Kumpoto, Aphoka a ku Rumphi anatchuka ndi makasu awo, omwe anthu ankagulira zinthu ngakhalenso kulowolera.

Lusoli silinali la aliyense. Ng'anjo ankaimanga kutchire, akazi sankayandikirako, ndipo osungunula ankadika mpaka ntchito itatha. Mnyamata ankayamba ndi kupemerera moto pa mvukuto wachikopa cha mbuzi, nyundo n'kudzaigwira patapita zaka. Nzeru inkayenda ndi mtundu.

Makasu a kufakitale atadzaza m'sitolo nthawi ya atsamunda, ng'anjo zinayamba kuzima, ndipo pofika m'ma 1930 zinali zitatsala zowerengeka. Pambuyo pake kampani ya Agrimal ku Blantyre inayamba kupanga makasu konkuno. Koma osula sanathe. Anangosiya kukumba miyala yachitsulo n'kutembenukira ku zitsulo zotayidwa. Sipuling'i ya galimoto yakufa imatulutsa nkhwangwa yosabuntha msanga. Ekiselo ndi matayala ake zimakhala ngolo. M'malo mwa mvukuto, ambiri amazunguza gudumu la njinga lolumikiza ku kafani, makala n'kumayaka psuu.

Chinasintha kwambiri n'chakuti chinsinsi chinatha. Pa msika wa Ndirande, owotcherera ndi okhoma zidebe amagwira ntchito poyera, mashedi ali phewa ndi phewa. Wina akakonza bwino chogwirira cha keni yothirira kudimba, anzake amaona, mawa onse akukhoma chomwecho. Makina oswera mtedza kapena opukusira chimanga akabwera kudzakonzetsa, mmisiri amawamasula, n'kuyeza chilichonse ndi chingwe, kenako amapanga ake. Mlimi nayenso ndi mphunzitsi: akabweza khasu nati msuka wathyoka kapena likulemera pa dothi la makande, lotsatiralo limatuluka litasintha.

Kutengerana kotereku kuli ndi vuto lake. Woyambitsa sapindula nthawi yaitali, ndipo popeza miyeso silembedwa, makina awiri a mmisiri mmodzi kawirikawiri sabwerekana zipangizo. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limaphunzitsanso amisiri otere, komabe ambiri amaphunzirabe kwa amalume kapena kwa bwana wa pashedi, kuyambira pa kuwongola malata ndi kutola zidutswa.