Lumbadzi, tauni yomwe yakula tikuona

Inu mamembala amene mumatsika ndi soya, mtedza kapena kachewere kuchokera ku Ntchisi ndi ku Dowa, simungafike ku Kanengo osaoloka mlatho wa Lumbadzi. Ambiri mumangopadutsa. Koma pamene kopaletivi yathu ikukwanitsa zaka 10, ndi bwino mudziwe mbiri ya malowa, chifukwa kukula kwake kukukhudza minda yanu.

Dzinali ndi la mtsinje, womwe uli m'malire a Dowa ndi Lilongwe, ndipo madzi ake amakathera ku Linthipe mpaka kunyanja ku Salima. Kale kuchigwa kunalibe tauni. Moyo unali kumapiri: mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo bwanamkubwa wa atsamunda ankakhala ku boma la Dowa. Ngakhale nkhalango ya Ntchisi inatsala chifukwa makolo ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni.

Zinthu zinatembenuka mu 1975, likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Kenako bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwa mu 1983, ndipo antchito ake anawamangira nyumba pa Lumbadzi. Munthu wolandira malipiro pamwezi salima tomato, amagula. Msika unayambira pamenepo. Mu 1994 ndende yakale ya Dzaleka inasanduka kampu ya anthu othawa kwawo, ndipo ogula nyemba, anyezi ndi nthochi anachuluka. Msewu wa tala wa Lumbadzi–Dowa–Chezi utatha, ulendo womwe m'dzinja unkatha tsiku lonse galimoto itatitimira m'matope unafupika.

Nanga tauniyo imadya za kuti? Imadya za kumtunda kwathu kuno, ndipo chifukwa chake ndi nyengo. Lumbadzi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200, pamene phiri la Ntchisi limapitirira 1,600. Mphepo yochokera kunyanja ikamakwera mapiri imazizira n'kusiya chinyezi chake kuno. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, inu mumadzuka mu nkhungu ndi mawawa pamene kuchigwa kuli fumbi lokhalokha. Kachewere ndi kabichi zimakonda kuzizira kumeneku, ndipo madimba athu amasunga madzi nthawi yomwe anzathu akumunsi ayamba kukumba zitsime mumchenga.

Koma musanamizidwe kuti mvula ya kumapiri siphonya. Akuluakulu ankadziwa kuti chizimalupsa cha mu Okutobala si chobzalira, ankadikira mvula yeniyeni ya kumapeto kwa Novembala. Masiku ano imatha kufika Disembala ali mkati, kenako n'kudula mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chili pa ngaiyaye. Njala ya 2002 ambiri mukuikumbuka. M'zaka za kopaletivi yathu zokhazi taona ng'amba ya 2016, ntchemberezandonda mu 2017, ndi ng'amba ina ya 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Tsono apa ndiye pali nkhani. Tauni yomweyo imene imagula zokolola zanu imafunanso makala, nkhuni zootchera njerwa, mchenga ndi malo omangapo. Njinga za makala zimene mumakumana nazo mbandakucha zanyamula mitengo yomwe inkagwira nthaka ya m'mapirimu. Mtengo ukapita, mvula ya ola limodzi imakokolola mizere, kusiya chigwembe, n'kukakwirira dimba la munthu wina kumunsi. Madzi akakhala ofiira pamlatho paja mu Januwale, dziwani kuti ndi nthaka ya m'minda, yapita ndi feteleza yemwe wina anagula pangongole.

Za mapuloti ndinene mosabisa mawu. Amene muli ndi minda kufupi ndi msewu, ogula abwera ndithu, ena afika kale. Ndalama yake imaoneka yambiri tsiku lolandira. Musanasaine kwa amfumu, werengetsani matumba amene mundawo umakupatsani pa zaka 10, ndipo nkhaniyo ikambidwe ndi a kubanja onse, makamaka amayi eni nthakayo.

Otsala kumtunda, akalozera akonzedwe mvula isanagwe, vetiva abzalidwe nthaka itanyowa, ndipo m'mbali mwa mtsinje musiyemo bango ndi mitengo, khasu lisafike pagombe.