Olamulira Atalanda Mayina: Mbiri ya Nkhani za Maiko Ankhanza

Cha m'ma 1920, chikomyunizimu chitangokhazikika ku Russia, injiniya wa zombo Yevgeny Zamyatin adalemba nkhani yopeka ya dziko lam'tsogolo momwe anthu alibe mayina. Mwininkhani amangotchedwa D-503, mkazi amene adamuzunguza mutu ndi I-330, ndipo onse amakhala m'nyumba zagalasi kuti alonda aziona chilichonse. Akuluakulu adakana kuisindikiza. Bukuli, We, lidayamba kutuluka m'Chingerezi ku New York mu 1924. Kwawo lidadikira mpaka 1988.

Ayn Rand, wobadwira ku St Petersburg, adapitiriza mu 1938 ndi Anthem. Mmenemo liwu loti "ine" lidafafanizidwa, ndipo wolitchula amawotchedwa anthu akuonerera.

Koma amene adatchukitsa nkhaniyi ndi George Orwell. Iye adawerenga buku la Zamyatin m'Chifalansa n'kulembapo ndemanga m'nyuzipepala ya Tribune mu 1946. Kenako adakabindikira pachilumba cha Jura ku Scotland, chifuwa chachikulu chikumudya, n'kulemba Nineteen Eighty-Four, lomwe lidatuluka mu 1949. Boma la m'bukumo lili ndi chinenero chakechake, Newspeak, chomwe dikishonale yake imaonda chaka ndi chaka kuti wofuna kugalukira asowe mawu oganizira. Syme, katswiri amene amanyadira ntchito yodula mawuyo, tsiku lina adangosowa. Adali wanzeru mopitirira muyeso, ndipo anzake adapitiriza ntchito ngati sadakhaleko.

Kunena zoona, pa nkhani ya Newspeak Orwell adakokomeza, chifukwa munthu amamva kupweteka ngakhale ataletsedwa kukutchula. Victor Klemperer, mphunzitsi wachiyuda wa ku Dresden amene ankalemba mobisa kalankhulidwe ka chipani cha Nazi, adaona china m'buku lake la 1947: olamulira ankangobwereza mawu omwewo pawailesi ndi m'misonkhano mpaka ozunzidwa omwe adayamba kuwalankhula osazindikira.

Margaret Atwood adabwezera nkhaniyi ku dzina mu 1985. M'buku la The Handmaid's Tale, mkazi amatchedwa Offred chifukwa ndi katundu wa bwana wina dzina lake Fred. Akabwera wina wolowa m'malo mwake m'nyumbamo, dzinalo amalitenga. Akazi saloledwa kuwerenga, moti pamasitolo pamangojambulidwa zithunzi.

Kuno kwathu, Shadreck Chikoti adalowa nawo m'bwaloli mu 2015 ndi Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo.