Ulendo wa Sine: Kuchokera pa Chithunzithunzi cha Ndodo Kufika kwa Euler

Kalelo, wofuna kudziwa nthawi ya Swala ya Asr ankayeza chithunzithunzi cha ndodo, ndipo wofuna kulunjika ku Makka ali kutali ankayenera kupeza ngodya yolondola. Zosowa zimenezi zinalimbikitsa akatswiri achisilamu a zakuthambo kuzamitsa masamu a ngodya. Al-Battani, yemwe anamwalira mu 929, ndi Abu al-Wafa wa ku Baghdad anagwiritsa ntchito muyezo umene analandira kwa Amwenye, wotchedwa jya. M'Chiarabu unakhala jiba. Omasulira m'Chilatini anauwerenga ngati jayb, kutanthauza mpindo wa chovala pachifuwa, nautcha sinus. Ndiye sine wa lero.

Tanthauzo lake ndi ili. Jambulani bwalo, ndipo mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete ukhale 1. Kadontho kakamayenda m'mphepetemo, sine amatiuza kukwera kapena kutsika kwake, pomwe cosine amatiuza kupita kwake kumanja kapena kumanzere.

Nambala zina ziwiri zinabadwira kwina. Mu 1572, Rafael Bombelli wa ku Italy analemba malamulo a nambala imene, ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, imapereka -1. Lero timaitcha i, ndipo ambiri nthawi imeneyo ankaiona ngati yongopeka. Mu 1683, Jacob Bernoulli, powerengera mmene chiwongoladzanja chimaberekerana, anapeza nambala e, pafupifupi 2.718, yomwe imalongosola kukula kosalekeza kwa chinthu.

Ndani akanaganiza kuti kukula ndi kuzungulira n'zapachibale? Mu 1748, Leonhard Euler wa ku Switzerland anasindikiza chiganizo ichi: e^(ix) = cos x + i sin x. Obwera pambuyo pake, Caspar Wessel mu 1799 ndi Jean-Robert Argand mu 1806, anaonetsa kuti kuchulukitsa ndi i ndiko kutembenuza chinthu gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo. Choncho kukula kukamakankhidwira cham'mbali nthawi zonse, chinthucho sichitalikira pakati koma chimangozungulira, ndipo kukwera ndi kutsika kwake ndi sine yemwe uja.

Lero akatswiri a magetsi, wailesi ndi foni amawerengera mafunde pogwiritsa ntchito chiganizo chimenechi. Mwana wanu akamadandaula kuti sine ndi wovuta, muuzeni njira imene muyezowu unadzera: India, Baghdad, Ulaya, mpaka m'kope lakelo. Palibe mtundu umodzi umene unaumaliza wokha, ndipo amene anayeza chithunzithunzi cha ndodo ali ndi gawo lawo m'foni imene ili m'thumba mwanu.